Nsalu ya a Nangozo pa Mlongoti Wanga

Ndakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo panali zinthu ziwiri zimene ndinkanyadira kuti sindinachitepo: kulowa chipani ndi kupepesa pagulu. Zonse ziwiri zinandigwera tsiku limodzi, Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo. Chinayambitsa ndi waya. Ndilemba mmene zinayendera kamodzi kokha, kuti amene amandifunsa pa maliro ndi pamsika asiye.

Kwathu kwenikweni ndi kumapiri, koma ndinakwatira pamudzi wina wapakati pa Golomoti ndi Mtakataka, pafupi ndi msewu wa tala. Ndine mkamwini. Mkamwini amalima, amafolera nyumba, amalera ana, koma pa nkhani za mudzi mawu ake amathera pakhomo pake. Ndinakhala choncho zaka zoposa makumi awiri, mpaka kunabwera matipate.

Matipate anagawa mudzi wathu pakati. Zipani zake sinditchula, mitundu ya nsalu zake sinditchulanso (ndikufuna kufa ndi ukalamba). Ndingoti panali a kumtunda ndi a kumunsi. Mjigo unali umodzi, pakati penipeni, ndipo ndowa zinkasweka pamenepo sabata iliyonse. Tsiku lina mayi wina anatseka mjigowo ndi loko n'kupita ndi kiyi ku Mua tsiku lonse, kuti a mbali inayo amve ludzu. Anthu anakhala pansi. Anagwirizana kuti kiyi asunge munthu wopanda chipani. M'mudzi monse anapezeka mmodzi. Ine.

Ndinkatsekula m'mawa, kutseka masana kuti madzi abwerere, kutsekulanso chakumadzulo. Woyamba kufika ndiye woyamba kutunga. Wotukwana ndinkamubweza ndi ndowa yake yopanda kanthu, kaya ndi wa mbali iti. Kiyiyo ndinammangirira pa lamba wanga ndi chingwe cha ukonde, mfundo zitatu. Ndinene poyera: kiyi uja ndiye anali mawu anga onse pamudzipo. Ndikamadutsa anthu ankapatuka.

Chaka china cha chisankho, akazi anga, a Nangozo, anabwera kuchokera ku msonkhano wa a kumtunda atavala nsalu ya chipani. Nkhope ya mtsogoleri inali kumbuyo, yaikulu ngati lichero.

"Vulani," ndinatero.

"Nsalu ndi nsalu, abambo. Amagawa ulere."

"Pakhomo pa wosunga kiyi sipalowa nkhope ya munthu."

"Nanga yanuyo izilowera pati?"

Ndinailanda nsaluyo n'kuitsekera m'sutikesi mwanga. Mchimwene wawo wa a Nangozo, alamu anga a Chimbalanga, amene nyumba yawo inagundana ndi yathu, anamva zonse ali kuseri kwa mpanda. Iwowo anali a kumunsi, ndipo za chipani chawo ankalankhula mpaka misempha ya pakhosi kutuluka. Anandigwira chanza. "Mwachita zachimuna, alamu," anatero.

Tsopano za wailesi.

Masiku amenewo kunatsegulidwa nyumba zatsopano zoulutsira mawu. Obwera kuchokera ku Lilongwe ankatiuza zimene amva kumeneko, anthu akutsutsana poyera, akuluakulu akufunsidwa mafunso ngati ana asukulu. Ife kunsi kuno, ukatembenuzira wailesi kumeneko, unkangomva mkokomo ngati mvula pa malata. Mapiri amatchinga. Anzanga anavomereza kuti ndi mmene zilili. Ine sindinavomereze, chifukwa za eriyo ndinkazidziwa.

Kale ndinagwira ntchito pa esiteti ya fodya, kwa mzungu wina amene anali ndi wailesi yakeyake yolankhulira ndi anzake a maiko akutali. Maeriyo ankapanga yekha, mawaya otambalala pakati pa mitengo ya bulugamu. Ine ndinali wogwira makwerero. (Pocheza ndinkanena kuti tinkapanga limodzi. Kugwira makwerero n'kupanganso.) Pansi pa makwereropo ndinaphunzira malamulo atatu: yeza waya usanadule, kweza pamwamba, ndipo polumikiza kulunga bwino kuti pasalowe madzi.

Poyamba ndinamangirira waya ku ndodo ya wailesi n'kukaukola ku malata a denga. Mkokomo unangokula. Kenako ndinakoka waya wautali kuchokera pawindo mpaka pa mtengo wa mango wa alamu, monga ankachitira mzungu. Wayayo anagwira ntchito, sindinama. Ndinamva Chipwitikizi cha kutsidya kwa nyanja, ndinamva Aluya, ndinamva mayi wina woimba ngati ali pa siwa. Koma nyumba zatsopano zija, zii. Patapita masiku awiri ndinapeza a Nangozo ayanikapo malaya.

Ndinakwera njinga kupita ku Mtakataka kwa a Saidi, okonza mawailesi. Sindinapite kukafunsa nzeru. Ndinapita kukafuna waya, ndipo munthu akamalankhula sindimutseka pakamwa.

"Madala," anatero a Saidi, maso ali mkati mwa wailesi ya munthu wina, "waya wautaliyo ndi wa mawailesi a kutali. Atsopanowa amafuna tiwaya tiwiri tatifupi, tofanana ndendende. Muyeze kuyambira paphewa mpaka kunsonga ya chala. Kena kaloze kumwamba, kena pansi, pakati musiye mpata tisakhudzane. Mukatero mukweze. Wallahi, kunsi kuno popanda kukweza muzingomvera mvula."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndimafuna ndione ngati mukudziwa inu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kundipatsa waya wa mapasa, uja wa nyale zamagetsi, wotsikira ku wailesi.

Tiwaya tiwiri tija ndinadula ku waya wa mkuwa wokhuthala, wochokera mu mota yakupsa ya chigayo. Ndinauwongola ndi hamala pa mwala. Ndinayeza katatu, kudula kamodzi. Ndinatimangirira kunsonga ya nsungwi, n'kulumikiza waya wa mapasa pakati, mbali imodzi ku kapamwamba, inayo ku kapansi. Nditaimika nsungwi imodzi, mkati mwa mkokomo munamveka mawu, ngati munthu akulankhulira mu mtsuko. Nditalumikiza nsungwi yachiwiri ndinazindikira kuti wolankhulayo ndi mkazi. Munthu wanzeru akanalekera pamenepo. Ine ndinapita m'munsi mwa mapiri, chakufupi ndi Mua, kukadula yachitatu.

Linatsala lamulo lokulunga. Mzungu ankakulunga ndi tepi yakuda. Ine ndinalibe. Ndinafufuza nsanza m'nyumba monse, osapeza, chifukwa kwa a Nangozo nsanza iliyonse ili ndi ntchito yake. Ndipamene ndinakumbukira sutikesi.

Apa ndivomere. Sikuti ndinasowa pogwira ayi. Ndinasangalala. Ndinati nsalu imeneyi yapeza ntchito yoiyenera, ikaotche padzuwa kumwambako, akhwangwala akainyerere. Kuing'amba sindinaing'ambe, chifukwa masiku amenewo kachidutswa ka nkhope ya mtsogoleri kakapezeka padzala pako, unkayankha mafunso. Ndinaitenga yathunthu. M'mphepete mwake mwamufupi ndinakhomera ku nsungwi, kuchokera pamwamba kutsika, misomali isanu ndi iwiri, chifukwa ine sindigwira ntchito yolendewera. Yotsalayo ndinaizunguliza pa nsungwi ngati bandeji. Pamwamba pake ndinakuta ndi thumba la feteleza, n'kumanga ndi mphira za chubu chakale cha njinga, malo atatu. Panalibe kaulusi ka nsalu koonekera.

Mlongoti wa nsungwi zitatuwo tinauimika Lolemba, amuna asanu ndi mmodzi. Dzenje lofika m'chiuno, miyala yotsendera ndi munsi, mawaya atatu okokera m'mbali, aliyense pa chikhomo chake. Alamu ndiwo anali patsogolo pa chingwe, akutsogolera nyimbo yokokera ngati akukoka khoka.

"Alamu, chotupa pamwambacho n'chiyani?" anafunsa akupukuta thukuta.

"Nsanza."

Mlongoti unaima, kupitirira mitengo yonse ya mango. Unkaoneka kuchokera kumsewu. Pofika Lachitatu makondakitala a minibasi anali atayamba kale kufunsa kuti, "Wotsika pa mlongoti?"

Ndipo wailesi inalankhula. Mawu oyera, mpaka ndinkamva woulutsa akumeza malovu. Amuna a kumtunda ndi a kumunsi anadzaza khonde langa, mbali iyi ndi iyo, ine pakati, dzanja lili pa kabatani. Wina akayamba kutsutsa mokweza ndinkazimitsa mpaka akhale chete. Masiku atatu amenewo ndinali ndi kiyi pa lamba ndi wailesi padzanja. Sindikumbuka nthawi ina imene ndinagona bwino chotero.

Lachinayi ndinatsekula mjigo m'mawa monga mwa nthawi zonse. A Nangozo anapita kuchigayo ku Golomoti. Dzuwa litakwera, mwera unayamba, wamphamvu, wa fumbi. Ndinalowetsa wailesi m'nyumba, kuiika pawindo, kutseka chitseko. Ndinamva chinachake chikulira pamwamba, phaa, phaa, phaa. Ndinati ndi mphasa ya anthu yoyanika pa mpanda. (Pambuyo pake ndinatola mphira zija pansi. Dzuwa la kunyanja linali litaziphika, zikuthetheka ngati chigwada chouma.)

Masana ndinavala chipewa changa cha mlaza, chotambalala, n'kunyamuka kukatseka mjigo. Kumwamba sindinayang'ane. Munthu wa msinkhu wanga amayang'ana poponda.

Ndisanafike n'komwe ndinamva nthungululu. Ndinati mwina kwabadwa mwana. Mayi wina wa kumtunda, Nambewe, amene ndinam'bwezapo kawiri chifukwa cha pakamwa, anathamanga n'kudzagwada patsogolo panga, manja akuomba.

"Takulandirani, a tcheyamani! Tinkadziwa ife, tinkadziwa!"

Ndinaima. Amayi a kumunsi anali ataunjikana mbali ina, ndowa zili m'manja, nkhope zili gwa. Wamkulu wawo, Nachisale, analavula malovu pambali.

"Zaka zonsezi kubisa," anatero. "Tsono tiuzeni, agogo, madziwa tizitunga ndi khadi ngati kale?"

"Mwamwa chiyani m'mawa uno nonsenu?" ndinafunsa.

"Tatembenukani."

Ndinatembenuka. Ndinakankha chipewa kumbuyo.

Pamwamba pa mitengo ya mango, pamwamba pa madenga onse, pamwamba pa nyumba yanga ine, nsalu ya a Nangozo inali itatambasuka yonse. Nkhope ija inkamwetulira mudzi wathu, kumwetulira msewu, kumwetulira mpaka kunyanja. Mphepo ikawomba inkagwedeza mutu ngati ikuvomera. Misomali isanu ndi iwiri inagwira yonse. Ntchito ya manja anga sinandichititsepo manyazi, ndipo tsikulo ndinalakalaka ikanakhala yolendewera.

Kwa amene simukudziwa: kwathu kuno nsungwi yaitali yokhala ndi nsalu pamwamba ili ndi tanthauzo limodzi lokha, kuti pakhomopo ndi pa tcheyamani wa nthambi ya chipani. Ngakhale mwana woyamwa amadziwa.

Ndinathamanga. Ndinali nditatha zaka khumi osathamanga. Mjigo ndinaiwala kutseka.

Ndinagwedeza mlongoti. Miyala ija ndinatsendera ndekha, sunasunthe. Ndinamangirira chikwakwa ku nsungwi yotsala kuti ndikowe nsaluyo. Chinafika theka. Ndinavula nsapato n'kuyamba kukwera. Nsungwi ndi yoterera. Ndinafika mulingo wa denga, ndinakhala pamenepo pang'ono nditaikumbatira ngati mwana pamsana, kenako ndinatsika mofulumira kuposa mmene ndinakwerera. Za m'ntchafu sindilemba.

Panatsala njira imodzi, kuitana amuna omwe anaimika aja adzatsitse. Ndinatsimphina kupita ku mpanda. Alamu anali ataima kale pamenepo.

"Alamu, itanani anzathu aja titsitse chinthuchi."

Anatambasula manja awo pamaso panga. "Manja awa. Mukuwaona? Manja awa ndi amene anakoka chingwe. Ndinkaimba nyimbo! Mwandikwezetsa mbendera ya anthu aja, ine Chimbalanga, ndikuimba!"

"Ndi nsanza, alamu. Yokulungira polumikiza."

"Nsanza yomwetulira?"

"Mphira zaduka."

"Pabwalo panu sindipondanso. Ndipo mverani zimene anthu agwirizana. Nthawi yotsekula mjigo chakumadzulo ikakwana chinthucho chikadali m'mwamba, kiyi mutule. Mkamwini tinakupatsani ulemu ife."

Ndinagwira pa lamba. Kiyi analipo. Ndinati nthawi ikadalipo, ndipita kwa amuna a kumtunda, ndiwafotokozere bwinobwino. Ndili mkati moganiza choncho ndinamva ng'oma.

Lole inapatuka pamsewu wa tala n'kulunjika kwathu, fumbi lili kobo. Pamwamba pake amayi odzaza, onse atavala nsalu yofanana ndi yanga ya kumwamba ija. Inaima pakhomo panga penipeni. Munatsika bambo wina wonenepa, wovala suti dzuwa lonse lija, chimkuzamawu chili m'manja. Sanandifunse dzina. Anandikumbatira kaye.

"Anthuni!" anakuwa, chimkuzamawu chili pafupi ndi khutu langa. "Ife timapita ku Mtakataka. Koma taona chodabwitsa. Msewu wonse uno, midzi yonse tayendayi, sitinaone mbendera yokwera chonchi! Nsungwi zitatu! Agogo awa atichititsa manyazi ife achinyamata!"

Nthungululu. Ng'oma. Wina anandivula chipewa cha mlaza n'kundiveka kapusi ya chipani.

Ndinamukoka bamboyo pamkono. "Achimwene, imeneyo si mbendera. Ndi eriyo ya wailesi."

Anagwedeza mutu kusonyeza kuti wamva, n'kukwezanso chimkuzamawu. "Akuti aikamonso eriyo, kuti mawu a mtsogoleri azifika pamudzi pano osatayika ngakhale limodzi!"

Amayi analumpha kuchoka pa lole. Nambewe anafika ndi gulu lake kuchokera ku mjigo, ndipo ndi iyeyo amene anatchula dzina langa, lonse, ndi la ubatizo lomwe. Mlembi wawo analilemba m'buku. Ndinaona ndi maso anga cholembera chikuyenda. Anavina pabwalo panga mozungulira mlongoti, kupondaponda nazale yanga ya tomato. Ine ndinangoima poteropo, wopanda nsapato.

"Ndipo ndichenjeze," anatero wa suti uja, akuloza ku mpanda kumene a kumunsi anayamba kusonkhana. "Wogwetsa mbendera iyi wagwetsa ife. Dzanja limenelo tidzalifuna."

Ndinayang'ana dzanja langa.

Ndi nthawi imeneyo imene a Nangozo anafika kuchokera kuchigayo, beseni la ufa lili pamutu. Anaima pachipata. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, atagwirira beseni. Anayang'ana kapusi pamutu panga. Anatula ufa pakhonde pang'onopang'ono, kupukuta manja, n'kubwera pafupi.

"Abambo," anatero motsitsa, "ine munandiletsa kuvala m'chiuno muno. Inu mwaveka mudzi wonse."

"Mayi, ino si nthawi yake. Auzeni anthuwa kuti nsaluyo ndi yanu."

"Yanga? Yanga ili m'sutikesi mwanu. Munatsekera nokha." Anayang'ananso kapusi. "Koma yakukhalani."

Mithunzi inayamba kutalika. Kuseri kwa mpanda a kumunsi anali atadzaza bwalo la alamu, amayi atakhalira ndowa zopanda madzi, osatunga dala ngakhale mjigo unali wotsekula. Nachisale ankayang'ana dzuwa, kenako lamba wanga, kenako dzuwa. A pa lole sankaonetsa zonyamuka. Wina anali atatuma kale anthu kukafuna thobwa.

Ndinaganiza. Wailesi yomveka ndinaifuna miyezi yambiri. Dzanja langa ndinkalifunanso. Koma popanda kiyi ndinali mkamwini wamba, wolima ndi kufolera. Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje.

Mitengo ndinagwetsapo yambiri pa esiteti, ndipo ndimadziwa kuuza mtengo kogwera. Ndinasankha kumunda kwanga, kumene chimanga chinali chitakololedwa. Ndinadula waya woyamba wokokera. Ng'oma imodzi inasiya. Wachiwiri. Zonse zinasiya. Wachitatu.

"Agogo, mukutani?" anafunsa wa suti, ulendo uno popanda chimkuzamawu.

"Ndikutsitsa eriyo yanga. Patukani."

Ndinatema patsinde, mbali ya kumunda, katatu. Nsungwi inalira. Mlongoti unayamba kupendekera kumunda, ndendende monga ndinauuzira, ndipo ndinamva kunyada pang'ono. Chimene sindinaganizire n'chakuti mitengo ya pa esiteti inalibe nsalu pamwamba. Mwera unawomba. Nsalu inafufuma ngati thanga la bwato. Mlongoti unaima kaye m'malere, kupotoka, n'kuwoloka mpanda.

Anthu anabalalika, ndowa zikulira. Unagwera pa nkhokwe ya alamu. Unapyoza denga la udzu n'kukhazikika pamenepo chopendekera, nsonga ili m'mwamba. Nsalu inatambasukanso. Nkhope ija inayamba kumwetulira pamwamba pa chimanga cha a Chimbalanga.

Sizinathere pamenepo. Waya wa mapasa ndinaiwala kumasula. Wailesi yanga inatulukira pawindo, inagwa pansi, n'kudutsa pabwalo ikudumphadumpha ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Inkalankhulabe. Ndinamva bwinobwino mayi woulutsa akuchenjeza asodzi kuti panyanja pakhala mwera. Kenako inagunda mtondo, mabatire n'kumwazika.

Ndinamva mbuzi ikutafuna.

"Wagwetsa!" anakuwa wa suti.

"Wadzala pankhokwe panga!" anakuwa alamu.

Kuti sindinamenyedwe ndi chifukwa chakuti anayamba kukangana okhaokha. A kumunsi ankati chinthucho chichoke msangamsanga, koma palibe wa iwo akanachikhudza ndi dzanja. A pa lole ankafuna kukachitenga mwaulemu, koma alamu anaima pachipata ndi mpini, akuti wolowa atuluka chonyamulidwa. Ndinaima pakati ndi chikwanje changa, osadziwa koyang'ana. Anathetsa ndi a Nangozo. Bwalo linali la mchimwene wawo, palibe akanawaletsa. Analowa, kukwera pa makwerero a nkhokwe, kuzula nsaluyo pa misomali umodzi umodzi, kuikutumula, kuipinda kanayi, kuiika m'khwapa, n'kubwerera kukasefa ufa. Sanayang'ane munthu.

Wa suti anandivula kapusi yekha. Mlembi anatsekula buku n'kukhwatcha dzina langa kawiri. Choncho m'chipani ndinakhalamo kuyambira masana mpaka chakumadzulo. Lole inachoka popanda nyimbo.

Msonkhano unachitikira pa mjigo dzuwa lisanalowe. Anabwera onse. Anandiuza ndiime pa simenti. Ndinaima.

"Ndinalakwa," ndinatero.

"Kumbuyo kuno sitinamve," anatero Nachisale, amene anakhala patsogolo penipeni.

"Ndinalakwa. Pepani."

Ndinayamba kufotokoza za tiwaya tiwiri, za mapiri otchinga, za lamulo lokulunga polumikiza. Sanandilole kumaliza. A kumunsi anati munthu wokweza mbendera sangasunge kiyi. A kumtunda anati munthu wogwetsa mbendera sangasunge kiyi. Chiyambireni matipate, aka kanali koyamba mudzi wathu kugwirizana pa chinthu chimodzi, ndipo chinthucho ndinali ine.

Mfundo zitatu zija zinakana kumasuka. Ndinayesa ndi zala, ndinayesa ndi mano. Alamu anandipatsa mpeni, ndinakana, chifukwa chingwe chabwino sindidula. Pamapeto ndinavula lamba yense n'kusolola kiyi, dzanja lina litagwira buluku, amayi a mudzi wonse akuonerera. Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

Munthu wina wopanda chipani sanapezeke. Ndiye anaika maloko awiri pa mjigo, kiyi wina kwa Nambewe, wina kwa Nachisale. Madzi ankatuluka pokhapokha onse awiri atadzuka, ali pamudzi, ndipo akulankhulana. Wina akapita ku maliro kutali, amayi ankakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Pokhala pamenepo sankayang'ana mjigo. Ankayang'ana nyumba yanga. Chisankho chinadutsa, mvula inabwera, maloko anakhalabe awiri. Denga la nkhokwe ndinafolera ndekha, alamu atakhala pampando akundiuza pothothoka.

A Nangozo amati phunziro lake ndi lakuti chinthu cha mkazi usalande. Alamu amati mkamwini asamange chinthu chotalika kuposa denga lake. Ndinawamva onse awiri, ndipo sinditsutsa, chifukwa ndakalamba ndipo ndimadya kwa mmodzi wa iwo.

Koma ndinene chimodzi. Masiku atatu aja, kunsi kuno kwa mapiri, wailesi inamveka ngati munthu wakhala nawe pamkeka. Muyeso unali wolondola. Kutalika kunali kolondola. Pamsonkhano paja palibe amene anatsutsa zimenezo. Palibenso amene anafunsa.